Ulendo wa ku Mongue ndi Achimwene

Achimwene anga ankanyamula matumba a chimanga pa njinga kuchokera kwathu ku Majaua kupita kumalire a Milange. Kuyambira ali aang'ono zikhadabo zawo zinkathetheka, m'kamwa n'kumatuluka timawanga toyera. Tinkangoti ndi mtundu, poti amalume athu analinso choncho.

Atakwatira mtsikana wa ku Mongue, zaka zinapita pakhomo osamveka kulira kwa mwana. Mlandu wonse unagwera alamu. Amayi ankawamwetsa mizu yowawa, ndipo azimayi pamjigo ankadula nkhani akawaona. Mapeto ake alamu anamanga katundu n'kubwerera kwawo. Achimwene anawaperekeza mpaka pamsewu.

Kenako njinga inayamba kuwalemera. Ankapuma movutikira, m'manja munayera, nkhama zikutuluka magazi. Ndinakwera nawo shapa, minibasi ya kwathu kuno, mpaka kuchipatala chachikulu cha mumzinda, komwe anawayeza kwa nthawi yaitali.

Dokotala, mayi wolankhula Chipwitikizi pang'onopang'ono kuti timve, anatikhazika pansi.

"Thupi limatsata malangizo amene munthu amatengera kwa makolo," anatero. "Malangizowo amakoperedwa, kenako n'kukonzedwa asanagwire ntchito. Mwa bambowa, kachinthu kokonzako kanabadwa kolakwika. N'chifukwa chake mafupa awo asiya kupanga magazi."

Achimwene anaweramitsa mutu. "Nanga ana?"

"Tayezanso zimenezo. Mbewu mulibe, bambo. Mwina gwero lake n'lomwelo."

Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena kuti matendawa amadutsira mwa akazi koma amagwira ana aamuna. Ine ndinali ndi pakati.

Titafika kunyumba achimwene anauza amayi zonse, napempha kuti ndiwaperekeze ku Mongue. Tinapeza alamu akusenda chinangwa, mwana ali kumbuyo. Anali atakwatiwanso. Achimwene anakhala pansi ali wefuwefu.

"Ndabwera kudzakuuzani kuti vuto linali mwa ine. Munavutika opanda chifukwa."

"Ndinazindikira nditaima," anayankha alamu motsitsa mawu. "Koma mwachita bwino kubwera."

Anatiwiritsira chinangwa chija, tinadya.

Achimwene anamwalira chimanga chisanache. Alamu anabwera pamaliro n'kukhala pambali pa amayi. Amayi anawagwira dzanja, kulira kokhakokha.

Mwana wanga anabadwa wamwamuna. Dokotala uja anali atandiuza kuti akasinkhukako ndidzapite naye akamuyeze. Pano akuthamanga, koma sindinalimbebe mtima wokwera naye shapa.