Ndani Ananeneza Amalume?

Ndikukumbukira chaka chimene mapaundi ndi masheleni anatha, ife n'kuyamba kuzolowera makwacha ndi matambala. Ndinali kamtsikana ka Sitandade 5. Chaka chomwecho amalume anga, achimwene awo a mayi, anabwerera kwathu ku Domasi kuchokera ku Amereka, kumene boma linawatumiza kukawonjezera maphunziro a uphunzitsi.

Bambo anga anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde la golosale ya Che Sumani ku Naisi, m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde, ndipo Loweruka ndinkawapititsira chinangwa chophika. Tsiku lina ndinapeza amalume ali pabenchi, nsapato zikunyezimira ngati za mkwati. Panalinso Che Sumani eni golosale, ndi a Matiki okonza njinga, atagwada pabeseni lamadzi kufufuza pobooka pa chubu.

"Alamu, kunja kuli zinthu," amalume ankauza bambo. "M'nyumba muli bokosi lagalasi, ngati wailesi, koma olankhulawo mumawaona. Tsiku lina anaikamo amuna awiri olimbirana upulezidenti. Uyu kulankhula, mnzake kumutsutsa pamaso pomwe. Akatalikitsa, mtolankhani kumudula pakamwa. Ife tili pampando, tikukukuta mtedza, kumagamula kuti apa wanama, apa wanena zoona."

"Ndiye wogonjayo anamumanga liti?" anafunsa a Matiki.

"Kumumanga? Anapita kwawo kukagona!" Amalume anaseka mpaka kudzimenya pantchafu. Kenako anafunsa funso limene linatisokonezera zaka zambiri. "Nanga zitati zachitika kuno, inuyo mungamufunse chiyani mtsogoleri?"

Che Sumani anayang'ana dzuwa n'kunena kuti nthawi ya swala kumzikiti yakwana, pamene ngakhale ine mwana ndinkadziwa kuti inali isanakwane. A Matiki anamiza chubu m'madzi ndi maso omwe. Bambo anayamba kupalasa makina mwamphamvu, phokoso lokhalokha, pansi pa singano palibe nsalu.

Achinyamata a lero sangamvetse. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, mtsogoleri mmodzi, ndipo za iye tinkangoimba, osati kufunsa. Choipitsitsa n'chakuti womva mawu ngati amenewo, akapanda kukanena, ankawerengedwa ngati mwini mawuwo. Choncho woyamba kukayikiridwa anali amalume omwewo. Anawatumiza kunja ndi aboma. Bwanji ngati anawabweza kuti adzatiyese mitima? Madzulo ake, mayi akupeta mpunga, ndinamva bambo akunong'ona.

"Achimwene anuwa abwera ndi msampha kapena ndi misala?"

"Ndi chimwemwe chabe," anatero mayi.

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi."

Lolemba m'mawa bambo anapopa njinga, nati akupita ku Zomba kukagula ulusi. Ine ndi amene ndinkawasanjira ulusi m'chitini cha mabisiketi, ndipo ndinkadziwa kuti chinali chodzaza. Sabata isanathe, galimoto ya boma inaima pasukulu pamene amalume anayamba kuphunzitsa. Anawatenga ana akuona, m'manja muli mbuu ndi choko.

Apa zinadziwika kuti amalume sanali msampha. Koma mtima sunakhale pansi, chifukwa funso linangotembenuka: ngati si iwo, ndani? Mayi anasiya kugula mchere kwa Che Sumani, ankalolera kuyenda mpaka ku Malosa. Bambo anasamutsira makina awo kunyumba, ndipo njinga ikaphwa ankaikankha kudutsa pa a Matiki ngati sakuwaona. Tinamva kuti kumeneko nawonso ankaloza ife ndi milomo. Moni ankaperekedwabe, wautali ndithu, wofunsa ndi ana omwe, koma aliyense ankayesa mawu a mnzake ngati mmene amayesera mazira pamsika.

Ine wanga ndinali naye kale. Ndinkakayikira bambo anga ondibereka, ndipo zinkandiwawa koopsa, chifukwa ndinkawakonda. Ndikagwada kuwapatsa madzi osamba m'manja, maso ndinkayang'ana kumbali. Ndinkadziuza kuti mkamwini ndi mlamu wake mwini mbumba sagwirizana kwenikweni, mwina anapezerapo mpata. Tsiku lina zinandikwana.

"Bambo, ulusi wa ku Zomba uja uli kuti?"

Anasiya kupalasa. Anandiyang'ana, osakwiya. Mayi ndi amene anandikokera kuseri kwa nkhokwe khutu lili m'manja mwawo.

"Ukufuna atitengerenso awa? Pakamwa pakopo padzatithera mudzi!"

Khutu linapola, koma funso langa silinayankhidwe.

Amalume anatulutsidwa patapita zaka, ine ndili kale namwali wa kusekondale. Anabwera atawonda, mano ena kulibe, uphunzitsi utatha. Ndinkayembekeza kuti tsopano mlandu uzengedwa. Ayi ndithu. Anatenga mathalauza awo onse kupita nawo kwa bambo kuti awachepetse, nadya nawo mbale imodzi. Loweruka ankakasewera bawo ndi Che Sumani. Njinga yawo yakale inakonzedwa ndi a Matiki. Ine magazi ankawira. Ndinkaona ngati kundende anawaphwanya ndi mutu womwe.

Ndinawatsatira kudimba kwawo m'mbali mwa mtsinje wa Domasi, kumene ankathirira kabichi.

"Amalume, simufuna kudziwa amene anakunenezani? Analipo atatu okha pakhonde paja."

"Anayi," anatero osatukula mutu.

"Atatu, amalume. Bambo, Che Sumani ndi a Matiki."

"Nanga iwe makutu unawasiya kunyumba?"

Zaka zonsezo ndinkazenga anthu milandu mumtima, osaganizapo kuti nanenso ndinali pamzere womwewo. Kodi nkhani yokoma ngati ija sindinafotokozereko anzanga kumtsinje kapena panjira ya kusukulu? Ndinayesetsa kukumbukira, ndipo mpaka lero sindikumbuka.

Amalume anatula chitini chothiririra. "M'mene ndinalimo muja ndinali ndi nthawi yambiri, mwana wanga. Ndinakuweruzani nonse, mmodzimmodzi, ndipo aliyense ankapezeka wolakwa tsiku lake. Kenako ndinaona kuti ndikapitiriza, ndidzatuluka ndilibe mlamu, ndilibe mnzanga, ndilibe mdzukulu. Zaka anandilanda. Anthu anga ndinakana kuwapatsa."

Lero bokosi lagalasi lija lili m'nyumba mwanga momwe. Chisankho chikayandikira, ofuna upulezidenti amaima pamzere kutsutsana, adzukulu anga n'kumawakuwiza kuti wabodza uyo, mazenera ali pululu. Ine olankhulawo sindiwakhulupirira msanga, ndipo sindichita nazo manyazi. Munthu wopempha mpando ndi woyenera kumukayikira, kumufunsa, kumufunsanso. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti ife tinaletsedwa kukayikira munthu mmodzi amene tinkayenera kumukayikira, ndiye chikayiko chonsecho tinachithira pa anansi ndi abale.

Bambo anamwalira osandiuza chimene anakachita ku Zomba. Mwina anakanena. Mwina anakapempha wina kuti alamu awo asatengedwe. Mwina anangofuna kukhala kutali ndi khonde lija tsiku limodzi. Amalume anasankha kukhala ndi mlamu wawo osadziwa yankho. Ine ndinadikira yankho kaye, ndipo podikirapo bambo anga anakalamba akulandira madzi kwa mwana woyang'ana kumbali.