Chitsime cha a Yoramu

A Yoramu Maliro, apongozi anga, anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi zinthu ziwiri, nyali ndi chifuwa chosatha. Mwana wawo Wilfred, mwamuna wanga, anapita komweko, kundisiya kuno ku Champiti.

Madzi tinkatunga kudambo, pomwe ng'ombe zimamwera. Mwana wanga woyamba anamwalira ndi matenda otsegula m'mimba atangosiya bere. Tsopano wachiwiri, Sellina, anali atayamba kukwawa, mkaka wanga ukuchepa. Tsiku lomumwetsa madzi a kudambo linkayandikira.

A Yoramu anatenga piki nayamba kukumba kumtunda kwa khola. Amuna amphamvu onse anali ku Joni, choncho okoka chingwe tinali ine ndi mlongo wawo, a Lufina. Koma mtengwa salankhula ndi apongozi aamuna, sawayang'ana kumaso, sawakhudza.

"Achemwali, muwauze amake Sellina," iwo anatero ine ndili pomwepo, "ndikagwedeza chingwe, akweze ndowa."

"Akumva okha, si agonthi. Inu kumbani manda anuwo."

"Mudzayamba kumwa ndinu, ndikukudziwani."

M'mawa uliwonse a Yoramu ankayamba atsitsa nyali yoyaka m'dzenjemo. Ikazima ndiye kuti mpweya wapansi waipa, tsikulo sitikumba. Chilimwe chonse tinakoka dothi louma. Manja anatuluka matuza, msana unasiya kuwongoka, madzi osaoneka.

Tsiku lina Sellina analirira bere lopanda kanthu. Nyali itatsika, lawi linafooka mpaka kutsala pang'ono kuzima. Ndinaona. A Yoramu nawonso anaona, nayang'ana mwana kumsana kwanga, natsika.

Ndowa inakwera ndi dothi lonyowa. Kenako chingwe chinangoti zii. A Lufina anali atapita kukapirikitsa mbuzi. Ndinaima ndikudikira kuti abwere adzandilankhulire. Sanabwere. Ndinagwada pakamwa pa dzenje.

"Bambo! Dzimangeni chingwe m'chiuno!"

Amenewo anali mawu anga oyamba kwa iwo. Ndinakuwa, amayi a m'mudzi anathamanga, tinakoka. Atafika pamwamba ndinawagwira m'khwapa ndi manja angawa.

Atatsitsimuka anayang'ana kumbali. "Achemwali, muwauze amake Sellina kuti pansi pali madzi."

Sanatsikenso. Chifuwa chinawagoneka kuyambira tsiku limenelo. Madzi anakwera okha, ochepa koma oyera, ndipo oyamba kumwa analidi a Lufina.

Sellina wasiya bere, akumwa a pachitsime. M'mawa uliwonse ndimamugwira pamimba, ndimayang'ana thewera lake, mtima uli m'mwamba. Mpaka lero palibe choipa. Ndikatero ndimakatunga ndowa ziwiri. Imodzi ndimakatula pakhomo pa a Yoramu osanena kanthu, ndi kuima pang'ono kufikira nditawamva akutsokomola m'katimo.