Wosoka Nsapato Atayamba Kudzichapira

Amuna anga amasoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo, zaka makumi awiri pakampando kamodzimodzi kopanda chotsamira. Ndi munthu wosayankhulayankhula: timisomali pakamwa, maso pa chidendene cha nsapato ya eni ake. Chikwatiranireni sanagwirepo sopo wochapira. Ndiye tsiku lina ndikupeza kabudula wawo wam'kati ali pachingwe, atachapa okha. Ine mtima unangoti myuu!

Mwamuna akayamba ukhondo wadzidzidzi, ndiye kuti pali wina. Chakudya changa ankangochitosa, lamba anamuboola bowo lina, kuchimbudzi n'kumakhalitsa ngati akuwerengako kalata. Nsanje inandigwira, sindibisa.

Winayo ndinamupeza: nesi wa nyumba yachitatu, wamasiye, woyenda monyang'wa. Nsapato imodzi yomweyo anabwera nayo katatu. Nsapato yanji yosatha kusoka? Ulendo wachitatuwo ndinawapeza akunong'onezana, iye akuti, "Bambo, musachedwe, mubwere Lolemba."

"Lolemba kudzatani?" ndinakuwa. "Amayi inu, amuna atha m'dziko muno?"

Nesi anangotola nsapato yake n'kumapita. Amuna anga ndinawauza kuti akangoponda kuchipatala kwa mkazi ameneyo, pakhomo panga asabwererenso. Ndipo sanapitedi.

Panatha miyezi isanu. M'mawa wina anagwa kubafa, ndipo m'pamene ndinaona magazi. Anali akutuluka nthawi zonse akadzithandiza, ena ofiira, ena akuda bii.

"Ndinkayesa ndi matenda a mudzi, chifukwa chokhalitsa pampando," anatero. "Nditaona kuti sizikutha ndinafunsa anesi aja. Inuyo ndinkachita nanu manyazi."

Manyazi ndi ine, amene ndinawaberekera ana anayi! Mulungu andikhululukire, ngakhale pamenepo chimene chinayamba kundiwawa n'chakuti mkazi wina anadziwa ine ndisakudziwa.

Adokotala atawayeza anati m'matumbo muli chotupa, chakula kale, pafunika opaleshoni. Anati magazi osasiya, kuonda ndi kusintha kwa chimbudzi si zinthu zokhala nazo pakhomo n'kumati zitha zokha.

"Nanga munachedwa kuti, bambo? Panalibe wokuuzani kuti mubwere?"

Ndinazyolika, kudikira kuti anditchule. Amuna anga anakhosomola pang'ono.

"Ntchito, adokotala," anatero. "Ntchito inandichulukira."