Jekete la chidole cha ku Dzoole

Ndinanyamuka ku Lilongwe Lachitatu cha m'ma 6 koloko m'mawa, ulendo wokagula jekete kwa mwini wake wopanda pakamwa.

Ine ndimajambula zithunzi ndi utoto, koma utotowo sunayambe kundidyetsa. Ndiye ndimasankha zovala zakale pakaunjika n'kumazigulitsa pafoni kwa achinyamata a m'tauni. Zimene agogo awo anataya, iwo amati "vinteji" n'kulipira akumwetulira. Sabata yathayo, pochokera kwa azakhali ku Dzoole, ndinaona chidole choopsezera akhwangwala m'munda wa mtedza chitatchena jekete lachikopa lofiirira. Ndinachitola chithunzi n'kuchiika pa sitetasi ya pafoni mwanthabwala. Mnyamata wina anafunsa mtengo, ine ndikuseka ndinalemba K90,000. Anati adzatenga Lachisanu. Kuseka kunathera pomwepo, chifukwa ndalama imeneyo inali yokwanira utoto ndi nsalu za chionetsero changa choyamba. Kunali kutatsala milungu itatu, ine ndilibe ngakhale kabotolo ka utoto woyera.

Minibasi ya ku Mponela inali K6,000. Kondakitala analumbira kuti malo alipo, ndipo analipodi, pamwamba pa thumba la ufa la mayi wina amene ankandiyang'anitsitsa njira yonse ngati ndimudyera.

Pa Mponela ndinatsika 8 koloko itadutsa, ndinameza mandasi awiri ndi tiyi, n'kupeza wa kabaza ya njinga yamoto. Tinakangana mpaka K4,000.

"Ku Dzooleko mukupita kwa ndani, asisi?"

"Kwa chidole."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Chabwino, bola mulipiriretu."

Titasiya phula, fumbi lofiira linatilandira. Tinadutsa zigafa za fodya zopanda kanthu ndi ngolo zodzaza chimanga, mapiri a ku Ntchisi akuonekera patali. Mphepo ya Juni inkaluma makutu, koma ine ndinkatuluka thukuta ndi mantha kuti ndikapeza wina atalivula kale.

Cha m'ma 10 ndinachiona, chitatambasula manja ngati chikundichingamira. Ndinalumpha njinga isanaime bwino, ndikukuwa odi ngati mwana.

"Odi timauza anthu, osati zidole!"

Anali mayi wachikulire, eni munda, dzina lawo aNaphiri. Ndinagwada, ndinapereka moni, n'kufotokoza zonse, ngakhale mtengo uja. Anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Tengani, mwana wanga! Ndinalitulutsa dala m'nyumba, likununkha fodya."

Ndisanathokoze, amuna awo aBanda anatulukira akukankha njinga yakapalasa.

"Atenge chiyani? Jekete limenelo ndinagula ndi fodya wanga woyamba. Amake Terezawa ndinawafunsira nditavala lomweli, mpaka anaiwala mtsuko pachitsime."

"Chinandikopa ndi njinga, bambo ake Tereza, musanamize mlendo."

Ndinatchula K20,000, anakana. K30,000, anayang'ana kumwamba. Anati kukhala m'munda kulibe kanthu, pakuti amaliona tsiku ndi tsiku, koma ku Lilongwe lisapite. Mtima wanga unangoti phwa, misozi ili pafupi. Kenako anafunsa ntchito imene ndimagwira.

"Ndimajambula, bambo."

"Aa, zojambula za masiku anozi. Tereza, mwana wathu, anatijambula pafoni, foniyo n'kugwera m'chitsime, ife tinamira nayo limodzi."

"Ine ndimajambula ndi manja."

Ndinatulutsa kope ndi pensulo m'chikwama, n'kuwaonetsa nkhope za anthu a m'minibasi zakale. Anatsegula masamba atatu. Kenako anapita m'munda, anavula chidole chija, anakutumula akangaude, n'kuvala jekete.

"Amake Tereza, kavaleni chitenje cha ku tchalitchi."

Awiriwo anakhala pabenchi pansi pa mtengo wa mango kwa ola ndi theka, ine ndikuwajambula. ABanda anatukula chifuwa, zipi atakana kutseka pamimba. ANaphiri ankandibweretsera mtedza wophika n'kumanong'ona kuti makwinya ndichepetseko. Zaka zitatu anthu akhala akundifunsa saizi ndi mtengo, koma palibe anandiuzapo kuti ndimujambule.

Nditamaliza, aBanda anagwira pepalalo ndi manja awiri, nthawi yaitali.

"Amake Tereza, kodi mumandiyang'ana chonchi?"

"Ndimayang'ana mbuzi zisalowe mumtedza."

Koma anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. ABanda anavula jekete, analipinda bwinobwino n'kundipatsa.

"Pamenepa lili papepala, njenjete sizingalidye. Ndalama zanu sungani."

"Asunge ndani?" anatero aNaphiri, K30,000 ija ikulowa pamfundo ya chitenje. "Komanso mlonda wanga mwamusiya wamaliseche."

Ndinavula juzi langa lachikasu n'kuveka chidole.

Pobwerera, 2 koloko itakwana, mphepo inandipanda mpaka mano kugundana, koma jekete sindinavale, poopa kuti ndingalikonde. Ndinalikumbatira pachifuwa, ndikuimba nyimbo zosadziwika mutu wake, wa kabaza akupukusa mutu mpaka pa Mponela.

M'minibasi ndinaganiza kuti utoto ndigula, chionetsero chichitika, ndipo anthu a nsapato zonyezimira adzabwera. Koma chithunzi changa choyamba kufunidwa ndi munthu chapachikidwa kale ku Dzoole, pamsomali pamene pankakhala jekete.