Foni ya malemu sindinaipereke

Amuna anga anali mkamwini kwathu kuno ku Malemia, ndiye atamwalira abale awo anabwera kudzatenga katundu, monga zimakhalira. Tinayala mphasa pakhonde n'kutulutsa zonse: njinga, majekete, wailesi, makasu, ngakhale nsapato zakutha zomwe ankapita nazo kumunda wa mpunga. Ndinangoyang'ana. Koma alamu anga aakulu atafunsa za foni, ndinawauza kuti ili m'nyumba ndipo situluka.

Mwana wathu womaliza anali ndi zaka zitatu, ndipo bambo ake ankakonda kumujambula. Pali kanema wina, mwanayo akuthamangitsa abakha m'mbali mwa ngalande. Bambo ake sakuoneka, akungomveka kuseka, kenako akuti, "Ugwa iwe, bwerera kuno." Mawu awo anatsala mmenemo basi. Ndikanapereka foniyo, mwanayu akanakula osawadziwa.

Alamu anati akachotsa makanemawo n'kunditumizira. Ine ndikudziwa kuti chinthu chikapita kwawo sichibwerera. Apongozi anati mwana sayenera kumamva mawu a munthu wakufa, azibwebweta kutulo, ndi bwino aiwale. Ndinawayankha mwaulemu, nditagwada: "Amayi, inu mwana wanu munamumva zaka zonsezi. Uyu bambo ake anawamva liti?"

Nkhani inafika kwa ankhoswe. Anandinyengerera, kenako anandikalipira kuti ndikunyoza mwambo. Ndinati ngati njinga yachepa asasule malata, koma foni ayi. Onse anachoka osatsanzika.

Patapita nthawi, aphunzitsi ena achizimayi omwe amachita lendi pafupi nafe anatipeza ine ndi mwanayo tikuonera kanema uja. Anandiuza kuti foni imachedwetsa mwana kuyankhula ndiponso imaononga maso. Sindinawatsutse. Ana a mchemwali wanga ndimawaona, akagwira makatuni ukhoza kuwaitana mpaka mawu kusasa, osacheuka. Koma ine foni sindimusiyira mwana kuti indilerere ndikamapita kukapirikitsa mbalame ku mpunga. Imakhala m'sutikesi. Akasamba madzulo amakhala pamiyendo panga, timaonera limodzi, ndimamuuza kuti akusekawo ndi ababa, kenako ndimazimitsa. Masiku ena amalira, amadzigwetsa pansi kufuna kanema wina. Ndimamusiya alire. Aphunzitsiwo anati ngakhale zimenezo zikhoza kumuzolowetsa. Ndinati zikomo, ndamva, koma sindisiya.

Galasi la foniyo linang'aluka pakona, batire silichedwa kutha, ndipo ndimayenda mpaka pamsewu kukatchajitsa. Apongozi chichokereni tsiku lija sanapondenso pakhomo pano. Tikakumana kutchalitchi amapatsa moni mwana, ine n'kundilumpha. Zimandipweteka, chifukwa kale tinkagwirizana, ankandithandiza ngakhale kupuntha mpunga. Koma kukapepesa sindipita, poti kupepesa kwake n'kupereka foni.

Mwanayu tsopano wayamba sukulu ya mkaka. Kutulo sabwebweta. Anzake akamatchula abambo awo, iyenso amanena kuti ake amaseka kwambiri.