Disiki imene Goliati anapereka pogawa zamasiye

Dzina la Goliati anangomunamizira. Munthu wake ndi wochepa thupi, moti mphepo yochokera kuphiri la Michesi ikakula timamuuza kuti agwire chitseko. Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la shopu yake pa Chiringa. Ndinamuona tsiku limene anabweretsa chikompyuta chake panjinga, iye thukuta kamukamu, mkazi wake Aliness akukankha kumbuyo uku akumunena.

Anachigula ku Limbe, chotsika mu ofesi ina yake. Wogulitsayo anati si kompyuta wamba, ndi ya ntchito zolemera, ya anthu ojambula mapulani a nyumba. Chikayaka chinkalira ngati chigayo chakutali. Goliati ankabenera anthu nyimbo ndi kukonza mavidiyo a zinkhoswe, ndipo ankachipukuta kuposa mmene ankasambira iye mwini.

Aliness sankafuna kujambulidwa. Anthu onse akwa Nazombe anadutsa pa kamera ya mwamuna wake, iye ayi. Koma tsiku lina Goliati anamuzembera akupeta nandolo, mwana wawo Rejoice ali kumbuyo, akuimba nyimbo ya Chilomwe. Atazindikira anatembenuka nkumugenda ndi makoko: “Inu, chotsani chimenecho! Mulibe zochita?” Kenako anaseka. Kanemayo ndinamuonera mpaka kutopa naye, chifukwa makasitomala akasowa Goliati ankangomubwereza.

Mvula ya Freddy itayamba, Goliati anabwera ndi Rejoice kuchipatala chifukwa cha chifuwa, ndipo mtsinje unawatsekera njira yobwerera. Aliness anatsala kumudzi, kumunsi kwa phiri. Madzi anabwera ndi miyala. Thupi lake silinapezeke, ndipo mafoni ndi zithunzi za paukwati zinapita ndi nyumba. Chotsala cha Aliness padziko pano chinali kanema uja basi.

Goliati anali mkamwini. Maliro opanda manda atatha, akuchikazi anakhala pansi kuti amusudzule ndi kugawa zamasiye. Mwana, mwa mwambo, anatsala kwa azakhali ake akuchikazi, achemwali a malemu. Koma zogawa zinali kuti? Nyumba kunalibe, mbuzi kunalibe. A Noah, malume ake a Aliness, analoza kushopu. Sindikuwanena kuti ndi oipa. Ndalama za nandolo wa mwana wawo zinalowadi pa kompyuta ija, ndipo iwonso anatsala ndi zovala za m’thupi zokha.

“Tigulitse, tigawane,” anatero a Noah.

Goliati anagwada. “Malume, tengani masipika, tengani njinga. Makinawa ndisiyireni.”

A Noah anati sizikukwana. Apo ndi pamene Goliati anatenga sikuludiraiva nkutsegula chikompyutacho pamaso pa onse. Mkati munali madisiki awiri. Zaka zonsezo kompyuta inkamuonetsa malo amodzi osungira zinthu, choncho iye ankakhulupirira kuti yachiwiriyo ndi sipeya, ingokhala. Anaimasula nkuipereka ndi manja awiri. Anthu anawomba m’manja kuti mkamwini uyu ndi waulemu. Magetsi anali atazima kuyambira tsiku la mvula, mapolo ali pansi, ndiye panalibe zoyesa.

Magetsi atabwera, chigayo chija chinalira koma pagalasi panangotuluka timalemba. Goliati anati ndi fumbi. Anapemerera, anapukuta, anandibwereka ngakhale kaburashi ka makina anga. Pomaliza anachikweza minibasi mpaka ku Limbe, kwa a Dickson okonza makompyuta.

Zimene anamva kumeneko anandiuza atabwerako, atakhala pa mpando wa makasitomala anga, maso ali pansi. A Dickson anamuonetsa kanthu kakang’ono pabolodi la mkati mwa kompyutayo, kobisala pansi pa kachitsulo ka mizeremizere.

Goliati anati: “Akuti ndi chipiseti, achemwali. Purosesa ndi imene imaganiza, koma wotumiza katundu uku ndi uku ndi kameneka. Pa makina akuluakulu ngati awa amakatchera kuti kazigawa chilichonse pawiri, kuti ntchito izithamanga. Kachidutswa kuno, kachidutswa uko, kachidutswa kuno. Palibe disiki ya sipeya. Aliness ali theka kwa ine, theka kwa malume.”

Ndinamuuza kuti nanga akudikira chiyani. M’mawa mwake ananyamuka wapansi, poti njinga inali itapita. A Noah anamulandira bwino, nkumuuza kuti disikiyo anaigulitsa kalekale kwa munthu wa vidiyo sho ku Migowi, anagula chimanga. Ku Migowi anaipeza. Mwini wakeyo anamuyatsira mosangalala: mafilimu a karate okhaokha, odzaza mpaka pakamwa. Ataona kuti siikuwerengeka anaifufuta tsiku lomwelo limene anaigula.

Goliati anaiwombolabe. Anabwerera nayo kwa a Dickson, amene anailumikiza, nayesa masiku angapo, kenako anamuuza zoona: pamene palembedwa zina, zakale sizibwerera.

Chimene chimandiwawa ine n’chakuti palibe amene ndingamutukwane. Ndayesa kukwiyira a Noah, ndayesa wa ku Migowi uja, ndayesa ngakhale kachipiseti komweko. Mkwiyo sukhala. Munthu anapereka yekha, mwaulemu, kuti apulumutse chinthu chomwecho chimene ankachidula pakati.

Shopu ikuyendabe. A Dickson anamuikira disiki ina, ndipo nyimbo akubena ngati kale, kungoti masiku ano akajambula ukwati amakakamiza eni ake kusunga kanema pawiri, mpaka ena amamuseka kuti wayamba misala. Disiki yake ija, imene sinafufutidwe, anaikulunga m’kansalu kamene ndinamusokera, imakhala pashelefu pamwamba.

Rejoice wayamba sukulu tsopano. Loweruka azakhali ake amabwera naye kumsika nkumusiya kwa bambo ake. Amayi ake sawakumbukira. Wina kumudzi anamuuza kuti ali mu kompyuta, ndiye tsiku lina ndinamumva akufunsa.

“Ababa, mundionetse amayi.”

Goliati anatsitsa kansalu kaja, nafotokoza monga anathera: kuti makina anawagawa pawiri, ndipo theka linatayika.

Mwanayo anaganiza kaye. “Ndiye latsalalo ndi liti? Nkhope kapena mawu?”

Ndinaimitsa makina anga.

“Ngati ndi mawu, palibe vuto,” anatero Rejoice. “Nkhope mundiuza inuyo.”

Anatenga disikiyo ndi manja awiri, naigunditsa kukhutu, nkutiuza tonse kuti tikhale chete.