Kabotolo ka ku Zingwangwa

Ndinanyamuka ku Bangwe m'mawa Lachiwiri, m'chaka cha 1996, nditanyamula botolo lopanda kanthu la mafuta ophikira. Ndine telala, ndipo zala zitatu za dzanja lamanja zinali zitachita dzanzi moti singano sindinkaimva. Adokotala anati mtsempha wapanikizika polumikizira dzanja, pafunika opaleshoni. Ine mpeni ndimauopa. Mnzanga wa kumvano anandiuza za Mayi Likoswe a ku Zingwangwa, omwe mwana wawo ankawatumizira mafuta a maluwa otchedwa kamomayilo kuchokera ku Joni.

Minibasi yopita ku Limbe inali K3, tinakhala anayianayi. Ndikulipira, ndalama inagwa pansi.

"Mayi, mwayamba kale kugawa ngati a chipani?" anatero kondakitala.

Ku Limbe ndinadya mandasi, n'kukwera ina yodzera ku Kanjedza. Inazima pamtunda, abambo n'kutsika kukakankha. Ndinafika ku Zingwangwa masana.

Mayi Likoswe ataona botolo langa anaseka mpaka kukhala pansi.

"Achemwali, mwabwera kudzagula palafini?"

Anatulutsa kabotolo kotalika ngati chala, n'kudontheza pang'ono pamkono panga ndi kusisita. Sanandimwetse, sananditeme mphini, ngakhale kuwawa osawawa. Kwathu mankhwala osawawa timawakayikira.

"Muzipaka m'mawa ndi madzulo. Ena amati ululu umachepa. Koma dzanzi likapitirira, bwererani kwa adokotala anuwo."

Mawu omalizawo ndinawasiya pakhomo pawo pomwepo.

Pobwerera sindinafune kuika kabotoloko m'chikwama, poopa anyamata a pa depoti. Ndinakafumbata m'dzanja lamanja. Titadutsa Kanjedza, m'minibasi munayamba kununkhira.

"Ndani wadzola za ku Joni muno?" anafunsa bambo wina kumbuyo.

Ndinaseka nawo. Kenako mayi amene ndinakhala naye anandigwira paphewa n'kuloza pansi. Kabotolo kanali katasweka pansi pa nsapato ya kondakitala. Ndinayang'ana dzanja langa: linali chifumbatire, mulibe kanthu. Sindinamve pamene kanapulumuka, ndipo apo mpamene ndinachita mantha enieni.

Ndinafika ku Bangwe dzuwa likulowa, nsapato zikununkhira maluwa. Ngati mafutawo amathandiza, ine sindingachitire umboni. Lolemba ndinalawirira kukaima pamzere kuchipatala, chiphaso nditachigwira ndi dzanja lamanzere.